Mwamulakwira Rick Davies posatchula Brother Where You Bound

Akonzi,

Nkhani imene munasindikiza pa imfa ya Rick Davies wa gulu loimba la Supertramp inandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero mtimawo sunatsike. Bamboyu anamwalira mu Seputembala 2025 ali ndi zaka 81, koma mlembi wanu anadzaza tsamba ndi The Logical Song, Dreamer ndi Give a Little Bit. Nyimbo zimenezi anapeka ndi kuimba ndi Roger Hodgson, mnzake wa m'gululi. Kodi pamaliro timawerenga mbiri ya malemu kapena ya mnzawo amene akadali moyo? Atafika pa 1983, chaka chimene Hodgson anachoka m'gululi, mlembiyo anangotseka nkhani ngati kuti kuyambira pamenepo kunalibenso chomvera. Chimbale chimene Davies anapeka yekha nyimbo zonse, Brother Where You Bound cha 1985, simunachitchule ngakhale dzina lokha.

Ndani anakuuzani kuti gululi linathera pa chimbale cha Breakfast in America? Hodgson atachoka, anthu ambiri ankayesa kuti Davies atsanzira nyimbo zofewa za mnzake kuti asataye msika. Iye anakana. Pamodzi ndi John Helliwell, Dougie Thomson ndi Bob Siebenberg anatulutsa chimbale cha nyimbo 6 zokha, cholemera komanso chokwiya. Mverani Cannonball. Kwa mphindi zoposa 7 nyimboyi imayenda pa kodi (chord) imodzi, koma simutopa nayo, chifukwa ng'oma za Siebenberg ndi besi ya Thomson sizikupatsani mpata wopuma, ndipo saksofoni ya Helliwell ikalowa mumamva kuti anthuwa ali ndi chofuna kutsimikizira dziko. Ku America inafika pa nambala 28 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka.

Nyimbo imene ili ndi dzina la chimbalecho ndiyo ikundiwawa kwambiri kuti munaisiya. Ndi ya mphindi 16 ndi theka. Imayamba ndi mawu owerengedwa kuchokera m'buku la George Orwell lotchedwa 1984, kenako piyano ya Davies imabwera pang'onopang'ono, mawu ake okhuthala aja n'kuyamba kuchenjeza za mantha a nthawi imene America ndi Soviet Union ankaopsezana ndi zida za nyukiliya. Pakatikati nyimboyi imasweka dala, zoimbira zikumveka ngati zikukangana, isanabwererenso mumzere. Gitala yomwe imalira kumapetoko ndi ya David Gilmour wa Pink Floyd, ndipo ina yoperekeza ndi ya Scott Gorham wa Thin Lizzy. Nyimboyi inalipo kale pamene ankakonza chimbale cha 1982, koma inasiyidwa. Davies anaisunga mpaka tsiku limene panalibe womuletsa. Ikangotha phokoso lonselo pamabwera Ever Open Door, nyimbo yofatsa ya munthu ndi piyano yake. Ngati mumafuna nyimbo yomulirira, inali imeneyo.

Musatenge mawu anga okha. Gilmour sakanataya nthawi yake pa ntchito yachabechabe. Amene anathandiza kujambula chimbalechi ndi David Kershenbaum, yemwe uja anadzajambula chimbale choyamba cha Tracy Chapman mu 1988, chimene ambiri a ife timachidziwa pamtima. Ku Britain Brother Where You Bound chinafika pa nambala 20, ku America pa 21. Gulu lakufa silifika pamenepo.

Vutoli si la nyuzipepala yanu yokha. Alembi ambiri a nkhani za zisangalalo masiku ano samvera zimene akulemba. Amatsegula intaneti, n'kutenga nyimbo zitatu zimene zili pamwamba, n'kulemba kuti imeneyo ndiye mbiri ya woimba. Pa wayilesi ndi chimodzimodzi: pulogalamu ya nyimbo zakale imangozungulira zomwezomwezo sabata ndi sabata, ndipo nyimbo ikapitirira mphindi 4 muulutsi amaidula n'kuyamba kupereka moni. Oimba athu akuno nawonso amachitiridwa zomwezi. Munthu wajambula zimbale zaka 20, akamwalira timamukumbukira ndi nyimbo imodzi yovinira paukwati. Ana athu adzadziwa bwanji kuti mu Better Days, nyimbo ina ya m'chimbalechi, muli mawu enieni a Ronald Reagan ndi Walter Mondale pa kampeni ya chisankho cha pulezidenti wa America cha 1984, ngati olemba nkhani sanaimvepo n'komwe?

Pempho langa ndi ili. Sindikizani kalatayi pa tsamba lomwelo, mufotokozenso momveka kuti nyimbo zitatu zija n'za Hodgson, pomwe za Davies ndi monga Bloody Well Right ndi Goodbye Stranger. Mlembi wanuyo mumupatse chimbalechi achimvere chonse, sichikwana ndi mphindi 45 zomwe, kenako alembenso nkhaniyo.

Wowerenga wanu wa nthawi zonse,
Zomba