Zikomo a wodi ya ana odwala khansa ku Gulupu

Kwa madokotala, manesi ndi a ku famase,
Wodi ya ana odwala khansa,
Chipatala cha Queen Elizabeth Central, Blantyre.

Ndikulemba ndili kwathu kuno ku Thyolo, ndine mayi wa kamnyamata kamene mukukathandiza pa khansa ya m'magazi, ija mumati acute lymphoblastic leukemia. Dzina sindilemba poti kalatayi iwerengedwa ndi ambiri. Mwana anayamba ndi kutentha thupi, kudandaula miyendo usiku, m'manja kuyera mbee, nkhama kutuluka magazi akamatsuka mkamwa, ife tonse nkumati ndi malungo basi. Achipatala cha boma kuno ndi amene anaona kuti magazi ake sali bwino natitumiza kwa inu, ndipo mutatenga mafuta a m'fupa la m'chiuno mpamene matenda anadziwika.

Zoyamikira zilipo zambiri koma chimene chandilembetsa ndi ichi: simunangomubaya mwana wanga mankhwala, munandikhazika pansi nkundifotokozera mmene akugwirira ntchito, mu Chichewa, ngati munthu woti ndikhoza kumva. Makamaka jakisoni uja wa asparaginase. Adokotala anatenga bolopeni nkujambula kuseri kwa pepala, akuti m'magazi mwathu mumayenda tizakudya tina totchedwa ma amino acid timene thupi limamangira mapuloteni, kamodzi mwa ito ndi asparagine. Maselo abwinobwino amatha kudzipangira okha asparagine, koma maselo a khansa imeneyi satha kupanga wokwanira, amangodalira wa m'magazi. Anati zili ngati mudzi umene aliyense ali ndi nkhokwe yake koma pali mlendo wosalima wongodalira pamsika, nde mankhwalawa amapita kukasesa msika wonse, eni nkhokwe amadyabe, mlendo uja njala imamupha. Ine mpaka lero ndikamafotokozera anthu ndimanena momwemo ndipo amamva.

Tsono imvani zimene zinachitika titabwera kunyumba. Agogo ake atamva zoti mankhwala akupha khansa ndi njala, anaganiza zothandizira, anayamba kubisa mazira, nyemba ayi, usipa ayi, akuti tisadyetse matenda. Chonsecho mwana ali pa mankhwala ena a prednisolone amene amachulukitsa njala, masaya atatupa, njala yake yosaneneka, pakati pa usiku kudzuka kulira nsima. Ndinamupeza tsiku lina atakhala pakhomo la khitchini mbale ili m'manja, akungoyang'ana poto, mtima unandiwawa abale. Agogo sanali ndi nkhanza, anali ndi mantha ngati ine ndemwe. Ulendo wotsatira ndinapita nawo dala, ndipo anesi aja sanawaseke olo kuwakalipira, anawapatsa mpando nkuwauza kuti "agogo, thupi limapanga lokha asparagine olo mwana asadye dzira, nde kumumana chakudya khansa simuigwira, mufoola mdzukulu wanu yekhayo, ntchito yosesa ija isiyireni jakisoni." Kuchokera tsiku limenelo agogo ndi amene amathira nsinjiro m'phala, nthochi za kuno kwathu sizisowanso m'chikwama tikamakwera minibasi ya ku Limbe.

Munatiuzanso poyera kuti mankhwalawa ali ndi zovuta zake, simunabise. Ena thupi lawo limadana nawo, milomo kutupa, zidzolo, kubanika, ena kapamba amatupa m'mimba nkumawawa kwambiri, shuga amatha kukwera, magazi amatha kuundana m'mitsempha, chiwindi nacho chimafuna kuyezedwa. Nchifukwa chake mukabaya simutilola kunyamuka pompo, anesi amabwerabwera kudzayang'ana milomo ndi kapumidwe. Ndinaona ndi maso anga, wodi itadzadza ana akulira mbali zonse, koma iwo osaiwala kubwerera pa bedi lathu. A ku famase nanunso zikomo, ndinamva kuti asparaginase amafuna furiji nthawi zonse, pakati pa madigiri 2 ndi 8, akatentha mphamvu imatha. Ife timangoona kabotolo kafika kozizira, osadziwa kuti pali munthu amene akukasamala.

Usiku wina mwana atagona ndinafufuza pa foni kuti mankhwalawa anachokera kuti, ndinadabwa kuona kuti nkhani yake inayambira pa mbira, zomwezi ana amaweta kuseri kwa nyumba. Mu 1953 dokotala wina ku New York, John Kidd, anaona kuti madzi a m'magazi a mbira akuchepetsa zotupa za khansa mu mbewa, kenako mu 1961 John Broome anapeza kuti chimene chikugwira ntchitoyo ndi asparaginase. Masiku ano amawapanga kuchokera ku mabakiteriya a E. coli, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Kuganiza kuti chinthu chimenechi chayenda mtunda wonsewo mpaka kudzafika pa ntchafu ya mwana wa ku Thyolo, komanso osalipira, ine misozi inatsika.

Ndikudziwa kuti ulendo sunathe, munanena kuti chithandizo chimapitirira zaka ziwiri, pali mankhwala ena a vincristine, pali jakisoni wa methotrexate wa pamsana uja amene mwana amamuopa kwambiri, ndiye transipoti nayo ikukwera osati masewera. Achibale ena akuti mwana wachira uyu, akusewera mpira, mukuvutikiranji, enanso akuloza kwa asing'anga. Ine sindisiya, poti munandionetsa kuti maselo oipa amatha kutsala ochepa osaoneka nkudzachulukanso. A WHO amati m'maiko olemera ana opitirira 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira pomwe m'maiko osauka ambiri safika 30, ndipo akufuna kuti pofika 2030 tifike 60. Ndikufuna wanga akhale m'gulu la ochirawo.

Pempho langa ndi limodzi, kapepala kojambula kaja muzijambulira kholo lililonse lobwera koyamba, ndipo agogo akabwera muziwaitananso alowe, kumudzi kuno mawu awo ndi amene amamveka. Tionana tsiku la sikelo yathu likakwana, agogo akuti abweretsa mapeyala a manesi.

Ine wanu,
Mayi wa ku Thyolo