Lipoti la Msonkhano wa Zodiac Ziwiri

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu, zikomo kwambiri pondikhulupirira ndi kundituma. Ndayenda bwino ndipo ndabwerako bwino. Msonkhano unali wa masiku awiri. Munali openda nyenyezi a njira ya kumayiko a azungu, openda nyenyezi a njira ya ku India yomwe eni ake amaitcha Jyotisha, komanso akatswiri a zakuthambo ochepa omwe anaitanidwa kudzafotokoza masamu ake. Munandipatsira funso limodzi, lija latisowetsa mtendere chiyambire pomwe ndinakuuzani kuti ine, wobadwa pa 10 Ogasiti, pa chizindikiro cha nyenyezi cha kubadwa kwanga kwina akunditcha Leo pomwe kwina akuti ndine Cancer. Funso lake linali lakuti zodiac yolondola ndi iti.

Ndisakuchedwetseni. Magulu awiri a openda nyenyeziwa sakutsutsana za pomwe dzuwa, mwezi kapena Saturn zinali pa tsiku lomwe munthu anabadwa. Pa zimenezo amagwirizana ndithu, ndipo manambala awo onse amachokera kwa akatswiri a zakuthambo omwewo. Chomwe amasiyana ndi poyambira kuwerenga.

Zodiac ndi lamba wa thambo momwe dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zimaoneka zikudutsa. Ababulo ndiwo anagawa lambayu m'zigawo 12 zofanana, chilichonse cha madigiri 30, m'zaka za m'ma 400 BC, ndipo zigawozo, zomwe timazitcha zizindikiro, anazipatsa mayina a magulu a nyenyezi omwe anali pamenepo. Koma lamba wozungulira alibe mutu kapena mchira. Kuti uyambe kuwerenga uyenera kukhoma chikhomo penapake n'kunena kuti Aries, chizindikiro choyamba, wayambira apa. Otsata zodiac ya tropical amakhoma chikhomo chawo pa nyengo: pomwe dzuwa limakhala pa 20 kapena 21 Malichi, likamawoloka equator kupita kumpoto, tsiku lomwe usana ndi usiku zimatalika pafupifupi mofanana. Otsata zodiac ya sidereal amakhoma chawo pa nyenyezi zenizeni. Kale zikhomo ziwirizi zinali pamalo amodzi. Lero zatalikirana ndi madigiri pafupifupi 24.

Chomwe chinazitalikitsa ndinachimvetsa bwino m'mawa wa tsiku loyamba. Mayi wina, katswiri wa zakuthambo, anatulutsa nguli m'chikwama n'kuizunguza patebulo. Anatiuza kuti tisayang'ane kuzungulira kwake kwa liwiro kuja koma tiyang'anitsitse mutu wake. Nguliyo itayamba kutopa, mutuwo unayamba kudzandira, kujambula kabwalo m'malere pang'onopang'ono, uku thupi lake likuzungulirabe mothamanga. Dziko lathu limachita zomwezo. Ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23 ndi theka, komanso ndi lonenepa pang'ono m'chiuno, pa equator. Dzuwa ndi mwezi zimakoka chiuno chimenecho, choncho dziko limadzandira ngati nguli, kungoti kabwalo kamodzi limakamaliza patatha zaka pafupifupi 25,800. Isaac Newton ndiye anafotokoza chomwe chimachititsa zimenezi m'chaka cha 1687. Koma woyamba kuzindikira kuti pali kusuntha anali Hipparchus, Mgiriki wa m'zaka za m'ma 100 BC, yemwe anayeza pomwe panali nyenyezi ya Spica n'kuyerekeza ndi zomwe katswiri wina wa zakuthambo, Timocharis, analemba zaka pafupifupi 150 iye asanayeze. Anapeza kuti yasuntha ndi madigiri ngati awiri. Ndikamaganiza kuti munthu anapeza zimenezi ndi maso okha, popanda telesikopu, pokhulupirira zolemba za mnzake yemwe anamwalira kalekale, mtima wanga umadzaza ndi ulemu.

Kudzandirako kumakoka chikhomo cha mu Malichi chija n'kumachibweza m'mbuyo pakati pa nyenyezi, digiri imodzi pa zaka 72 zilizonse. Munthu mmodzi pa moyo wake wonse sangakuone, koma zaka 1,700 zikaunjikana mpata umakula ndithu. N'chifukwa chake pa 21 Malichi, pomwe nyuzi zimalemba kuti dzuwa lalowa mu Aries, kumbuyo kwa dzuwalo kumakhala nyenyezi za Pisces. Ptolemy wa ku Alexandria, yemwe analemba buku la kupenda nyenyezi lotchedwa Tetrabiblos m'zaka za m'ma 100 AD, ankakudziwa kusunthaku ndipo anasankha kumangirira zodiac ku nyengo. M'masiku ake kusankhako sikunkasintha zambiri poti zikhomo zinali pafupi. Azungu anatsata iye. Amwenye anapitiriza kuwerengera pa nyenyezi.

Masana a tsikulo bambo wina wa njira ya Jyotisha anatipatsa aliyense timapulasitiki tiwiri tozungulira toonekera mkati, tobayidwa ndi phini pakati, konse kolembedwa mayina 12 aja. Anati tiike kadontho pomwe panali dzuwa tsiku lomwe tinabadwa, kenako tizunguze kapamwambako ndi madigiri 24. Kadontho kanga sikanasunthe ngakhale pang'ono. Chomwe chinasuntha ndi dzina lomwe linali pamwamba pake: cha pa digiri 17 ya Leo panabwera cha pa digiri 23 ya Cancer. Ndinakhala kanthawi ndikungozunguza kapulasitikiko uku ndi uku. Mlandu womwe takhala tikukangana miyezi yonseyi unali m'manja mwanga, ndipo unali wa dzina chabe. Apa ndi pomwe mungadziwerengere nokha: poti chigawo chili ndi madigiri 30 ndipo mpata ndi 24, okhawo obadwa m'masiku asanu kapena asanu ndi limodzi omaliza a chizindikiro chawo cha tropical ndiwo amakhalabe ndi dzina lomwelo ku sidereal. Ndiye kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse. Otsala tonsefe timabwerera m'mbuyo ndi chizindikiro chimodzi.

Mpata umenewu Amwenye amautcha ayanamsa, ndipo apa ndi pomwe ndinadabwa, chifukwa ndinapita ndikuganiza kuti a sidereal onse amayankhula chimodzi. Ayi ndithu. Kumwamba kulibe mzere wolembedwa kuti Aries ayambire apa, choncho nawonso amayenera kusankha nyenyezi yoti akhomepo. Boma la India linakhazikitsa komiti yokonza kalendala m'chaka cha 1952 motsogozedwa ndi katswiri wa sayansi Meghnad Saha, ndipo mlembi wake anali N. C. Lahiri. Ayanamsa yotchedwa dzina la Lahiri, yomwe ndiyo imagwiritsidwa ntchito kwambiri ku India, imaika nyenyezi ya Spica, yomwe iwo amaitcha Chitra, pa digiri 180, ndipo mwa kuwerengera kumeneko zodiac ziwirizi zinakumana m'chaka cha 285 AD. Palinso azungu otsata sidereal, a njira ya Cyril Fagan wa ku Ireland ndi Donald Bradley wa ku America, omwe amati zinakumana mu 221 AD. Kusiyana kwa awiriwa sikukwana digiri imodzi, koma kwa munthu wobadwira m'malire a zizindikiro ziwiri n'kokwanira kumusamutsa. Ziliponso ayanamsa zina, monga za Raman ndi Krishnamurti.

Chitsanzo chomwe chinandigwira mtima ndi cha chikondwerero cha Makar Sankranti ku India. Chimachitika dzuwa likalowa mu Capricorn malinga ndi sidereal, pa 14 kapena 15 Januwale, ndipo anthu amachigwirizanitsa ndi kutembenuka kwa dzuwa kuyamba kubwerera kumpoto. Koma dzuwa limakhala litatembenuka kale pa 21 kapena 22 Disembala. Masabata atatu ndi masiku angapo omwe ali pakatipo ndi madigiri 24 omwe aja, atasanduka masiku pa kalendala. Chaka chowerengera nyenyezi ndi chachitali kuposa chaka cha nyengo ndi mphindi pafupifupi 20 zokha, ndipo mphindi zimenezo ndi zomwe zakhala zikukankha chikondwererochi pang'onopang'ono.

Tsiku lachiwiri ndiye kunatentha. A sidereal anayamba ndi mfundo yawo yamphamvu: ungamuuze bwanji munthu kuti mwezi wake uli mu Gemini pomwe akatuluka panja akuuona uli pakati pa nyenyezi za Taurus? A tropical anayankha kuti iwo sanalonjezepo kuti akutsata nyenyezi. Zizindikiro zawo ndi magawo a ulendo wa dzuwa pa chaka, omangidwa pa ngodya zinayi zomwe nyengo zimasinthira, za Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, ndipo mayina a Aries ndi anzake anangobwereka. Yankho ili ndi lomveka ndipo ndikupempha kuti tisiye kunena kuti a tropical sadziwa kuti thambo linasuntha. Akudziwa, anadziwa kuyambira kwa Ptolemy.

Koma ine ndinaimika mkono n'kufunsa funso lomwe linkandidya. Ngati tanthauzo la Aries lichokera ku nyengo yophukira zomera ya kumpoto, ndipo Leo ndi wamoto chifukwa Ogasiti kumeneko ndi wotentha, nanga munthu wobadwira kumwera kwa equator, komwe nyengo zimenezi ndi zotembenuka? Ena anati zizindikirozo zitembenuzidwe kwa anthu a kumwera. Ambiri anati ayi, chofunika ndi pomwe dzuwa lili poyerekeza ndi equator, osati kutentha kapena kuzizira kwa malo. Ndinamvetsera mofatsa, koma kunena zoona sindinakhutire. Munthu sungafotokoze khalidwe la chizindikiro ndi nyengo m'mawa, madzulo n'kunena kuti nyengo ilibe kanthu.

A sidereal nawo sanachoke osakhudzidwa. Mayi wa nguli uja anaonetsa mapu a magulu a nyenyezi 88, omwe malire ake anajambulidwa ndi Eugène Delporte wa ku Belgium n'kusindikizidwa mu 1930 ndi bungwe la International Astronomical Union. Magulu enieniwo si ofanana kukula. Dzuwa limatha masiku oposa 40 likudutsa mu Virgo, koma mu Scorpius limangokhala pafupifupi sabata imodzi, kenako n'kulowa mu Ophiuchus, gulu lomwe silili pa zizindikiro 12 zija, kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka cha pa 17 Disembala. Ophiuchus uyu ndi yemwe anaphulitsa nkhani mu Januwale 2011, ndi kubwerezanso mu 2016, pomwe anthu anafalitsa kuti NASA, bungwe la zakuthambo la ku America, yasintha zizindikiro. NASA sinasinthe kanthu, ndipo Ophiuchus si watsopano, poti Ptolemy yemwe anamulemba pa mndandanda wake. Mfundo ya mayiyo inali yakuti zodiac ya sidereal nayonso ndi muyeso wa zigawo 12 zofanana womwe anthu anayala pamwamba pa thambo losafanana. Ili pafupi ndi nyenyezi kuposa inzake, koma si chithunzi cha nyenyezizo. Chomwe ndinaona kuti a Jyotisha ali nacho chogwirika kwambiri ndi ma nakshatra awo 27, magawo a madigiri 13 ndi pang'ono omwe mwezi umadutsa pafupifupi limodzi pa tsiku, ambiri mwa iwo omangidwa pa nyenyezi zodziwika. Amenewo sangagwire ntchito pa tropical popanda kutaya maziko ake.

Usiku wa tsiku loyamba tinatuluka panja, ndipo ndikufuna mumve izi. Anatilozera nyenyezi yofiirira yowala, Aldebaran, diso la ng'ombe ya Taurus. Pa zodiac ya tropical nyenyezi imeneyi ili cha pa digiri 10 ya Gemini. Regulus, mtima wa mkango wa Leo, anawoloka kulowa mu Virgo wa tropical zaka zoposa khumi zapitazo. Ndinachita manyazi pozindikira kuti ndakhala ndikuyankhula za Taurus zaka zambiri koma ndinali ndisanamuonepo ndi maso anga. Ndikukhulupirira kuti si ine ndekha m'gulu lathu.

Munandifunsanso ngati pali zodiac yomwe imalosera bwino kuposa inzake. Mbali iliyonse inabwera ndi nkhani za anthu omwe zinawayendera ndendende, ndipo nkhani za mbali zonse zinali zokoma mofanana. Umboni woyezedwa womwe unatchulidwa ndi wa Shawn Carlson, womwe unatuluka m'magazini ya Nature mu 1985. Openda nyenyezi anapatsidwa matchati a kubadwa, osonyeza pomwe dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zinali munthu akubadwa, kuti awagwirizanitse ndi zotsatira za mayeso a khalidwe la eni ake, ndipo sanapose munthu wongolota. Openda nyenyezi ena amatsutsa momwe kafukufukuyo anachitikira. Maganizo anga ndi akuti kudzandira kwa dziko ndi chinthu choyezedwa chomwe palibe angachikane, pomwe zakuti nyenyezi zimaumba khalidwe la munthu ndi chikhulupiriro, ndipo tisamagwiritse ntchito choyambacho ngati umboni wa chachiwiricho, kaya tili mbali iti.

Pempho langa kwa komiti ndi lakuti kuyambira lero, aliyense wotchula chizindikiro m'zokambirana zathu kapena m'zolemba za gulu azinena zodiac yomwe akugwiritsa ntchito, ndipo ngati ndi sidereal atchulenso ayanamsa yake. Mapulogalamu ambiri a pafoni ndi pakompyuta ali ndi posankhira zimenezi, kungoti timadutsapo osayang'ana. Ndikupemphanso kuti tisasakanize matanthauzo a njira ziwirizi, kutenga malo a mapulaneti ku Jyotisha n'kukawerenga tanthauzo m'buku la azungu, chifukwa njira iliyonse inakula ndi malamulo ake. A Jyotisha, mwachitsanzo, amayang'ana kwambiri mwezi ndi chizindikiro chomwe chinkatuluka kum'mawa pa ola lobadwa kuposa dzuwa.

Timapulasitiki tija ndabwera nato, ndipo ndajambula mapu a Delporte pa pepala lalikulu. Ngati a Wapampando angalole, kukumana kwathu kotsatira kukhale kwa madzulo, pamalo opanda magetsi ambiri. Aliyense abwere ndi tsiku, ola ndi malo omwe anabadwira, tidzaike timadontho tathu kukadali kowala, ndipo kukada tidzatuluke kukafunafuna magulu a nyenyezi omwe adzakhale ali m'mwamba usiku umenewo. Amene ali ndi nguli abwere nayo. Zikomo.