Dzina la Ndowa Imodzi ya Madzi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Chiradzulu tilipo ndithu. Ndalama munatumiza pa Mukuru zija zinafika, ndipo tinagulira malata ndi misomali. Mdadada wa makalasi awiri umene unagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 uja tsopano waima, wafoleredwa, ndipo ana achoka pansi pa mtengo wa mango. Anthu akuti ndikuthokozeni kwambiri.

Koma pali nkhani ina imene yandisowetsa tulo, ndipo ndaona kuti munthu woti n'kuimvetsa ndinu, popeza kuyambira tili anyamata mumakonda kukangana za mawu.

Mukudziwa kuti ndine mlembi wa komiti ya ntchitoyi. Anandiuza kuti ndikonze lipoti loti liwerengedwe pa tsiku lotsegulira. Mbali ya ndalama sinavute: uyu anapereka zakuti, uyu matumba a simenti, uyu matabwa. Koma m'kope langa muli zinthu zina zimene ndinkalemba tsiku ndi tsiku. Muli agogo ena amene m'mawa uliwonse ankabwera ndi ndowa imodzi ya madzi, n'kuthira mu diramu, n'kubwerera kwawo osayankhula zambiri. Muli mnyamata wa kabaza amene akapeza thumba la simenti likudikira pamsika ankalikweza panjinga osalipiritsa. Muli mayi amene anabwereketsa wilibala yake mpaka tayala linatha, bambo amene ankaika mipini m'makasu akaguluka, kamtsikana kamene kankalera makanda pamthunzi kuti amayi awo akasenze mchenga kudambo, ndi ana asukulu amene aliyense ankanyamula njerwa imodzi kuchokera pa uvuni akamabwera m'mawa. Nditafuna kulemba mutu pamwamba pa tsamba limeneli, cholembera chinaima. Pa miyambo yotere anthu amenewa amathera m'mawu atatu akuti "ndi ena otero," ndipo ine mtima wanga ukukana kuti agogo aja akhale "ena otero."

Musaganize kuti sindinafufuze m'mawu amene tili nawo kale. Chithandizo ndi mawu abwino, koma masiku ano munthu akamva chithandizo amayang'ana kumsewu kudikira galimoto ya bungwe. Msonkhamsonkha umanena za ndalama zimene zaunjikidwa, osati thukuta. Chipepeso n'cha pamaliro. Dima ndi ntchito yonse ya gulu pamunda wa munthu mmodzi, yothera pa thobwa kapena mowa, osati gawo la munthu payekha. Chitukuko nachonso ndi ntchito yonse, ndipo kwathu kuno chimabwera ndi chindapusa cha amfumu kwa amene wajomba. Mawu amene anayandikira kwambiri ndi kangachepe. Ndimawakonda, chifukwa muli kudzichepetsa. Koma kangachepe amanena ndi mwini wake popereka, kawirikawiri kali m'manja kapena mu envelopu, ndipo inunso mukudziwa kuti mawuwa ayamba kumveka m'malo amene munthu akufuna kuti pepala lake liyende msanga. Sindingalembe mutu umenewo pamwamba pa dzina la agogo.

Chimene chinandipweteka n'chakuti munthu wozemba ntchito tinamupatsa dzina kalekale, timati kamberembere. Aliyense amalidziwa, ngakhale mwana. Koma amene wabwera ndi kochepa kamene ali nako, mokhulupirika, alibe dzina, ndipo chimene wabweretsacho chilibenso dzina.

Mwina mukuti, nanga mawu ali ndi ntchito yanji, bola mdadada waima? Achimwene, ife a ku Chiradzulu sitiyenera kufunsa funso limenelo. Kuthangata kunali kuthandizana. Munthu ankathangata mnansi wake kapena mfumu yake pa ntchito yolemera. Atabwera eni minda ikuluikulu ya atsamunda, anatenga mawu omwewo n'kuwaika pa ntchito yokakamiza imene anthu okhala pa malo awo ankagwira m'malo mwa lendi. Thangata inakhala chilonda. Inali imodzi mwa zinthu zimene zinakwiyitsa John Chilembwe ndi anthu ake ku Mbombwe, mpaka usiku wa 23 Januwale 1915 pamene ena mwa anthu akewo anapita ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, n'kupha William Jervis Livingstone amene ankayang'anira malowo. Thangata inapitirirabe mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Lero yesani kuuza munthu wamkulu kuno kuti mawa kuli thangata kusukulu, muone nkhope yake. Tinalandidwa mawu, ndipo malo ake anatsala opanda kanthu. Ine ndikuona kuti mpata umene ndaupeza m'kope langawu ndi mbali ya mpata womwewo.

Ndiye ndaganiza zoumba mawu. Musaseke, chinenero chathu chimachita zimenezi tsiku lililonse. Taonani chipondamthengo, chimene umapereka kwa sing'anga asanalowe m'tchire kukafuna mankhwala. Taonani chipukutamisozi, chiwongoladzanja, chitsekapakamwa. Onsewa ndi mneni wolumikizidwa ndi dzina, ndipo munthu akangowamva amaona chithunzi. Boma linayesapo kuchita ntchitoyi mwadongosolo: Chichewa chitakhala chinenero cha dziko mu 1968, panakhazikitsidwa Chichewa Board mu 1972, ndipo itatha, ntchito inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Ndimalemekeza ntchito yawo. Komabe mawu ngati kabaza, chiperegani kapena banki m'khonde sanadikire chidindo cha ofesi. Anthu anangoyamba kuwanena chifukwa panali chinthu chofuna dzina.

Poyamba ndinaganiza za chigwirapo, kuchokera ku kugwirapo. Ndinasiya msanga, chifukwa mukati "uyu wagwirapo" pa ndalama za komiti, anthu amva zina. Kenako ndinakumbukira mwambi umene timaunena pamsonkhano uliwonse mpaka unaleka kutilasa, wakuti mutu umodzi susenza denga. Mukumbukira mmene tinkakwezera denga la nkhokwe kwathu? Limamangidwa pansi, kenako anthu amalizungulira n'kulinyamula. Amuna aatali ndiwo amalemedwa kwenikweni. Koma m'mphepete mumakhala mnyamata amene wangogwira phaso limodzi ndi dzanja, ndipo akasiya, denga limapendekera mbali yakeyo. Chimene akuchita mnyamata ameneyo ndicho ndikufuna kuchitchula.

Mawu anga ndi akuti kasenzadenga. Akachuluka, tisenzadenga. Munthu anganene kuti, "Ndalama ndilibe, koma kasenzadenga kanga ndi ndowa ya madziyi." Mlembi angalembe kuti, "Tisenzadenga ta mwezi uno ndi iti." Ka- wa kumayambiriro akuvomereza kuti chinthucho n'chochepa, sitikunamizana. Koma mbali yotsalayo ikunena kuti chochepacho chanyamula nawo denga, sichinangoima pambali n'kumaonerera.

Ndikufuna mawuwa akhale ndi malire, apo ayi adzafanana ndi chithandizo. Kasenzadenga salipidwa, ukalandira kanthu, imeneyo ndi ganyu. Sakakamizidwa, kukabwera chindapusa, tabwerera ku thangata. Ndiponso si chinthu chimene munthu wataya chifukwa alibe nacho ntchito. Wilibala ya mayi uja ndi imene amagulitsira makala. Pamene inali kusukulu, iye ankasenza pamutu.

Nditawatchula ku komiti, mphunzitsi wina wopuma pantchito anatsutsa. Anati mawuwa akumveka ngati dzina la munthu, monga kalembera kapena kamberembere yemweyo, osati la chinthu. Ndinamuyankha kuti zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Ngati anthu adzayamba kunena kuti "agogo aja ndi kasenzadenga weniweni," ndiye kuti tapeza mawu awiri pa mtengo wa amodzi, ndipo kamberembere wapeza womutsutsa. Mayi wina wa mumpingo ananena mfundo yolemera kuposa imeneyo. Anati zinthu zotere zimakoma chifukwa zimachitika mwakachetechete, ndipo tikayamba kuzitchula ndi kuziwerenga pagulu, anthu adzayamba kubweretsa ndowa kuti amve dzina lawo. Ndaiganizira kwambiri mfundo imeneyi ndipo sindikuipeputsa. Koma ndaonanso mbali inayo. Ndaona mayi akubisa mbale yake ya ufa kumbuyo kwa chitenje pamaliro chifukwa patsogolo pake pangowerengedwa dzina la munthu amene wapereka thumba lathunthu. Ndamva achinyamata akunena kuti, "Ife tipitirenji, tilibe chopereka." Manyazi amenewo akutichotsera manja ambiri kuposa mmene kudzitama kungatiwonongere. Pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere mu 1994 ndipo ana anasefukira m'makalasi, midadada yambiri m'midzi muno inamangidwa ndi njerwa zoumba makolo ndi mchenga wosenza amayi. Pa zikwangwani za pakhoma mumapeza dzina la amene anapereka ndalama ndi la amene anadula riboni. Oumba njerwa aja palibe. Ana athu amawerenga zikwangwani zimenezo, ndipo amaphunzira kuti womanga sukulu ndi wa ndalama yekha.

Musandimve molakwa, sindikuchepetsa malata anu. Popanda iwo tikanakhala ndi makoma okhaokha. Ndikungofuna kuti pa tsiku lotsegulira masamba onse awiri awerengedwe ndi mawu ofanana mphamvu, ndipo tsamba lachiwirilo likhale ndi mutu wake.

Tsono ndili ndi pempho. Munandiuza kuti Mmalawi akamwalira kumeneko, mumasonkherana kuti thupi libwerere kumudzi, ndipo ndalama zimalembedwa pa gulu lanu la WhatsApp, dzina ndi nambala. Koma ndikudziwa kuti pamakhalanso wina amene amayendera mapepala ku maofesi tsiku lonse atajomba kuntchito, wina amene amapereka chipinda chake kuti anthu agone pa siwa, wina wophika nsima, wina woimbira foni abale kumudzi kuti awauze uthenga wovutawo mwaulemu. Tayesani kuwatchula mawuwa pakati pa anthu amenewo, osawafotokoza kaye, muone ngati awagwira okha. Mufunsenso anzanu a ku Chipata ndi a ku Tete amene mumapemphera nawo. Ngati kwawo kuli kale mawu a chinthu chimenechi, ndiwalandira ndi manja awiri n'kusiya angawa, chifukwa chimene ndikufuna ndi dzina, osati kuti likhale langa.

Komiti ikumananso kumapeto kwa mwezi uno kuti ivomereze lipotilo, ndiye mundiyankhe isanafike nthawiyo. Mayi anu ndinawaona kutchalitchi, ali bwino, mwendo uja wayamba kupepuka ndipo akuti muwatumizire zithunzi za adzukulu. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa kumudzi.