Kalata kwa mwana wanga amene akupita ku Nuku'alofa

Wokondedwa mwana wanga Naphiri,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi banja lako; kuno kumudzi tonse tikudzuka. Nkhani yakuti akuntchito kwanu akukutuma ku Nuku'alofa, likulu la dziko la Tonga, dziko la zilumba za m'nyanja ya Pacific, yatisangalatsa kwambiri ine ndi amayi ako, ndipo ndaona kuti ndikulembere mawu ochepa usanakwere ndege.

Usakapeputse malowo poona kuchepa kwake. Dziko lonse la Tonga lili ndi anthu pafupifupi 100,000 okha, ndipo mzindawo, umene uli m'mphepete mwa nyanja pachilumba cha Tongatapu, pakati pake pamayendeka wapansi. Komabe eni ake ndi anthu odzilemekeza, pakuti ngakhale dziko lawo linali pansi pa chitetezo cha Britain kuyambira 1900 mpaka 1970, ufumu wawo sunathetsedwe, ndipo lero pampando pali Mfumu Tupou VI. Nyumba yachifumu, yoyera ndi yamatabwa, yomangidwa m'chaka cha 1867, ukaionere kunja kwa mpanda, chimodzimodzinso manda a mafumu otchedwa Mala'ekula. Za mfumu usakalankhule mwachibwana, chifukwa kumene anthu ambiri ali pachibale, zimene mlendo wanena m'mawa zimakhala zitamveka ponseponse dzuwa lisanalowe.

Chimene ndikufuna uchigwiritsitse ndi tsiku Lamulungu. Malamulo oyendetsera dzikolo, amene analembedwa m'chaka cha 1875, amanena kuti tsikuli lisungidwe lopatulika, ndipo anthu amalisungadi: masitolo amatsekedwa, ndege zonyamula anthu siziyenda, ntchito ndi masewera zimaima. Choncho Loweruka ukapite kumsika wa Talamahu, ukagule zipatso ndi zina zodyera m'chipinda, utasinthiratu ndalama zako kukhala pa'anga, imene ndiyo ndalama yawo. Ndikudziwa kuti ndiwe munthu wokonda kumaliza ntchito msanga, koma tsiku limenelo usakavutitse anzako a kumeneko ndi mafoni a za ntchito, ndiponso usakaonetse nkhope yotopa nalo. Ukavale bwino, ukalowe tchalitchi cha Centenary cha mpingo wa Free Wesleyan, kumene banja lachifumu limapemphera, ukamve mmene anthuwo amaimbira. Mapemphero akatha, mabanja amadya chakudya chophikidwa m'dzenje pamiyala yotentha, chimene amachitcha 'umu, ndipo wina akakakuitana usakakane, pakuti kumeneko ndi kumene ukawadziwe anthu amene wapita kukagwira nawo ntchito.

Ukaona amuna ndi akazi atamanga kamkeka m'chiuno pamwamba pa zovala zawo, ngakhale m'maofesi a boma. Dzina lake ndi ta'ovala, ndipo ndi chizindikiro cha ulemu. Ngakhale kataoneka kakalekale, usakaganize kuti mwini wake ndi wosauka, chifukwa ina mwa mikekayo ndi chuma cha banja chosiyidwa ndi makolo. Zovala zakuda kumeneko zimasonyeza kuti munthu ali pamaliro, motero usalongedze zakuda zokhazokha. Tenga zitenje zako ndi madiresi obisa mapewa ndi mawondo, podziwa kuti eni dziko amasambira m'nyanja atavala.

Ubale wawo ukauyang'anitsitse. Kwathu kuno mwinimbumba ndi malume, pamene kumeneko ulemu waukulu m'banja umapita kwa azakhali, mlongo wa bambo, amene pa ukwati ndi pamaliro amapatsidwa malo apamwamba. Munthu ndi mlongo wake amapatsana ulemu wozama kotero kuti nthabwala zotayirira sizinenedwa onse awiri ali pomwepo, ndiye ukasamale pakamwa pako ukakhala pagulu.

Amayi ako akuda nkhawa ndi nyanja, ndipo sindikuwatsutsa. Pa 15 Januwale 2022 phiri la pansi pa nyanja la Hunga Tonga-Hunga Ha'apai, limene lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera mumzindawo, linaphulika. Phulusa linakwirira nyumba ndi minda, mafunde aakulu anasefukira kumtunda, ndipo chingwe cha intaneti chinaduka kwa milungu ingapo. Mu Febuluwale 2018 namondwe wotchedwa Gita anagwetsa nyumba ya malamulo. Mzindawo ndi wachidikha, choncho tsiku lomwe wafika ukafunse a pahotela njira yothawira, ndipo nthaka ikakagwedezeka mwamphamvu, ukachoke kugombe osadikira kuuzidwa. Malungo kulibe, koma udzudzu woluma masana umafalitsa matenda a dengue, motero mankhwala odzola othamangitsa udzudzu usawaiwale.

Nthawi ya ku Tonga ili patsogolo pa yathu ndi maola 11, kutanthauza kuti kumeneko ikamakwana 7 koloko madzulo, kuno imakhala 8 koloko m'mawa. Ukangotsika pabwalo la ndege la Fua'amotu ukatitumizire uthenga, ngakhale kuno kutakhala pakati pa usiku. Amayi ako akupereka moni kwa apongozi ndi kwa ana. Mulungu akutsogolere pa ulendo wako.

Ine bambo ako.