Magulu a ng'oma ndi malipenga a ku America akusiya chimene chinawatchukitsa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mipikisano ya magulu oguba ndi ng'oma ndi malipenga ya ku America, imene achinyamata athu ambiri ayamba kuionera pa YouTube n'kumaisirira. Ndinakhala m'dzikolo zaka zingapo, ndipo maganizo anga ndi akuti masewerawa, ngakhale akukongolerakongolera, akutaya mtima wake.

Maguluwa anayambitsidwa ndi asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kudzera m'mabungwe awo monga American Legion, pamodzi ndi mipingo ndi a skauti, kuti ana a m'dera limodzi azipeza chochita ndi kuphunzira mwambo. Gulu lotchuka la Cadets linabadwira pa parishi ya Katolika ku Garfield, m'chigawo cha New Jersey, mu 1934. Mu 1972 magulu 13 anakhazikitsa bungwe la Drum Corps International, ndipo mpikisano wake woyamba ku Whitewater, Wisconsin, anapambana ndi a Anaheim Kingsmen.

Ndinaonerapo ndime yomaliza ya mpikisanowu pa bwalo la Lucas Oil ku Indianapolis, kumene imachitikira mwezi wa Ogasiti kuyambira 2009. Chimene sindidzaiwala ndi nthawi imene oimba malipenga oposa 70, atathamanga bwalo lonse mosaphonya phazi, anatembenukira kwa ife n'kuuzira onse pamodzi, mpaka phokosolo tinalimva m'nthiti. Anali anyamata ndi atsikana osapitirira zaka 22, amene chilimwe chonse amagona pansi m'maholo a sukulu ndi kuyeserera padzuwa tsiku lathunthu. Mphamvu imeneyo inkachokera m'mapapo mwawo, ndipo n'chifukwa chake anthu tinaimirira.

Koma malamulo akhala akusintha. Mu 2000 analola malipenga wamba a bandi m'malo mwa akale aja a liwu lakuthwa, mu 2004 analola zokuzira mawu, ndipo mu 2009 analola zoimbira zamagetsi. Kusintha koyambako sindikudandaula nako kwenikweni, popeza kunathandiza kuti nyimbo zizimveka mwadongosolo. Zamagetsizo ndiye zimandiwawa, chifukwa woonera sathanso kusiyanitsa liwu lochokera kwa mwana amene wakhetsa thukuta ndi lochokera kwa munthu wokhala pa makina kunja kwa bwalo. Pamene a Bluecoats a ku Canton, Ohio, anapambana mu 2016 atasiya yunifolomu yachisilikali n'kudalira kwambiri zokuzira mawu, magulu ena ambiri anatsata njira yomweyo.

Choipa china ndi ndalama. Zipangizozi, malole ozinyamula ndi maulendo a dziko lonse zachititsa kuti wachinyamata azilipira madola masauzande angapo kuti alowe gulu, moti mwana wa mmphawi, amene masewerawa anayambira iyeyo, watsala kunja kwa mpanda. Ngakhale gulu lalikulu la Santa Clara Vanguard linalephera kupikisana nawo mu 2023 chifukwa cha mavuto a zachuma.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mganda, malipenga ndi beni zinachokera ku muzu wofanana, kwa makolo athu amene anaona perete ndi mabandi a asilikali a m'nthawi ya atsamunda a King's African Rifles n'kudzazisandutsa gule wopikisana pakati pa magulu a ovina otchedwa maboma, ndi malipenga a zikho. Ndikupempha okonza mipikisano ya magule amenewa ku Dowa, Ntchisi, Nkhata Bay ndi Mangochi kuti akamaweruza aziyang'ana mzere, phazi, ng'oma ndi mpweya wa ovina, ndipo asalole kuti boma lokhala ndi ndalama zobwerekera masipika lipose linzake la kumudzi pa chifukwa chimenecho.

Wowerenga wanu,
Ku Area 25, Lilongwe