"Kuseri kwa kontena" si malo, tiyeni tigwirizane tisanayambe gemu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za kagemu kena komwe ena mwa ife a Malawi okhala kuno ku Johannesburg tayamba kusewera Loweruka tikaweruka. Dzina lake ndi Infinity, inapangidwa ndi kampani ya Corvus Belli ya ku Spain. Timayala tinyumba ndi makontena pa tebulo, aliyense ali ndi tiasilikali take tachitsulo tomwe wapenta yekha, kuyeza mtunda ndi tepi ya mainchesi, kuponya dayisi ya mbali 20. Kwa amene anakulira pa bawo ngati ine, kukoma kwake ndi komweko, kuwerenga maganizo a mnzako.

Nkhani yanga ili pa asilikali obisika. Mu gemuyi muli lamulo lotchedwa Hidden Deployment, loti msilikali wina sumuika pa tebulo n'komwe, umangolemba mwachinsinsi pomwe ali, mpaka nthawi yoti atulukire. Mnzako akafuna kumufukula amagwiritsa ntchito msilikali amene ali ndi Sensor, dayisi ikamuyendera, onse obisika amene ali mkati mwa mainchesi 8 kuchokera pa iye amaonekera, olo pakati pali khoma. Mwamva vuto lake eti? Amene akufufuzayo saona kanthu, amadalira mawu a wobisayo basi.

Loweruka lapitali ndimasewera ndi achimwene ena a ku Ntcheu, munthu wabwinobwino, timakwerera limodzi taxi kuchokera ku Rosettenville. Ndinaponya Sensor, inatheka, ndayeza mainchesi 8 tepi yafika pa ngodya imodzi ya kontena, ndafunsa kuti pali munthu apa, iwo akuti ayi palibe. Patapita kanthawi sniper wawo watulukira kuseri kwa kontena yomweyo ndikundiphera asilikali awiri. Nditapempha pepala ndinapeza analemba kuti "kuseri kwa kontena yofiira", basi, pomwe kontenayo ndi yaitali, mbali ina inali mkati mwa tepi yanga mbali ina kunja.

Sindikunena kuti anandibera ayi, mwina mumtima mwawo ankatanthauzadi ngodya yakutaliyo. Koma pepala lija limalola zonse ziwiri, ndipo msilikali amene angathe kukhala malo awiri malinga ndi pomwe tepi yathera ndiye kuti sangapezeke konse, nanga ine mapointi a mu gemu omwe ndinalipira posankha asilikali kuti ndikhale ndi Sensor apita kuti.

Anzathu ena amene anabwera kudzaonerera anati tingoponya dayisi, wopeza nambala yaikulu ndiye wolondola, ngati momwe amathetsera mikangano anthu osewera gemu ina ya tiasilikali yotchedwa Warhammer 40,000. Apa ndiye ndinakana, ndipo ndikukanabe. Dayisi imathandiza pamene buku la malamulo silikumveka kwa tonse awiri mofanana, monga tikamakangana ngati chingerezi chake chikutanthauza kuti kabesi konse komwe msilikali amaimapo kakhale mkati mwa mtunda kapena kangokhudza nsonga. Pamenepo palibe wolakwa. Koma apa kusamveka kunachokera m'dzanja la munthu mmodzi, iye yekha ndi amene anali ndi cholembera komanso chinsinsi, ndiye bwanji tigawane chiopsezo pakati?

Maganizo anga ndi akuti cholembedwa chikakhala chosamveka, phindu lipite kwa wofufuza. Ngati mbali ina iliyonse ya malo omwe walembawo yalowa mu mainchesi 8, wapezeka, tulutsa msilikali wako. Ndipo tonse tili ndi mafoni, mnzako atembenuke, ika kamsilikali pamalo pake, jambula bwinobwino kuti ngodya ya nyumba ndi mbali yomwe kayang'ana zioneke, chotsa. Osewera ambiri amachita kale zimenezi, sizitenga olo miniti. Pa bawo paja timafunsana kaye tisanayale nkhomo kuti tikusewera yanji, kuno n'chimodzimodzi, tizikambirana tisanayambe kuponya dayisi, osati gemu itafika pakati mitima itatentha.

Chomwe chinandiwawa kwambiri si asilikali awiri aja, ndi ulendo wobwerera. Tinakhala mpando umodzi mu taxi osalankhulana mpaka potsikira, anthu oti kuno ku Joni timathandizana pa lendi ndi pa maliro. Loweruka likubwerali ndawauza kale kuti tibwereze gemu yomweyo, tebulo lomwelo, koma foni ikhale pambali pa tepi.

Ine wanu wowerenga,
wa ku Rosettenville, Johannesburg