Lipoti la msonkhano wa ku Bolivia: momwe anzathu amasankhira llama yamphongo ya mbewu

A wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu la alimi a mbuzi,

Munandituma kukaimira gulu pa msonkhano wa alimi ndi alangizi a ziweto umene unachitikira ku Oruro, m'dziko la Bolivia. Mutu wake unali wakuti alimi a m'dera limodzi angatukule bwanji mtundu wa ziweto zawo pogwiritsa ntchito ziweto zomwe ali nazo kale, ntchito yofanana ndi imene a sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR akhala akuchita ndi alimi a mbuzi ku Mzimba ndi ku Nsanje. Zokambidwa zinali zambiri, za matenda, za misika, za msipu, koma ine ndikhazikika pa kasankhidwe ka yamphongo, chifukwa ndi pomwe ndaona kuti ife timataya kwambiri.

Anzathuwo amaweta llama, chiweto cha mtundu wa ngamila koma chopanda linunda. Bolivia ndiye ali ndi llama zambiri kuposa dziko lina lililonse, zopitirira 2 miliyoni, makamaka m'zigawo za Oruro, Potosí ndi La Paz. Mzinda wa Oruro uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,700, kuposa nsonga ya Sapitwa, imene ndi mamita 3,002. Usiku kumazizira koopsa, udzu wake ndi wouma ndi wolimba, ndipo banja limadalira llama pa nyama, ubweya, kunyamula katundu ngakhale ndowe zophikira. Llama zilipo za mitundu iwiri: q'ara, ya ubweya waufupi ndi thupi lalikulu, yofunika pa nyama, ndi t'amphulli, ya ubweya wambiri. Tisanaone chiweto n'chimodzi chomwe, anatiuza kuti mlimi ayambe wadziwa chimene akufuna pa ziwirizi.

Chimene chimawachititsa kusamala chonchi ndi nthawi. Llama imakhala ndi bere miyezi 11 ndi theka, n'kubereka mwana mmodzi yekha. Yamphongo imayamba kugwira bwino ntchito ikakwana zaka zitatu. Mlimi akalakwitsa kusankha, adzazindikira patapita zaka, khola litadzaza kale ndi ana a yamphongo yolakwikayo. Ife mbuzi imatiberekera pakatha miyezi isanu, nthawi zina mapasa, ndipo ndikuganiza kuti kufulumira kumeneku ndi kumene kumatibisira zolakwa zathu.

Atatitengera kumudzi kukaona, amene anatsogolera kuyesa anali mayi wina wachikulire wa mtundu wa Aymara. Sanayambe ndi kutalika kapena kukongola kwa chiweto. Anyamata awiri atagwira yamphongo, mayiyo anaitsegula milomo n'kutiitana kuti tisuzumire. Mano akutsogolo apansi ayenera kukumana bwino ndi nkhama yolimba yakumwamba, monga zilili ndi mbuzi. Akatulukira patsogolo kapena akatsalira kumbuyo, chiweto sichidula bwino udzu waufupi, chimaonda, ndipo vutoli limapita kwa ana. Kenako anapita kumbuyo n'kukweza mchira. Machende a llama salendewera, amakhala othina m'munsi mwa mchira, ndiye ukangoyang'ana chapatali sudziwa kanthu. Anawagwira limodzilimodzi kuti amve ngati onse awiri anatsika, ngati ndi ofanana kukula, ngati ndi olimba bwino. Mlangizi anawapimanso ndi kachipangizo, n'kulemba. Anafotokoza kuti machende aang'ono amapanga umuna wochepa, ndipo yamphongo ya limodzi lokha siisungidwa ngakhale ikhale yaikulu chotani. Mwa zimene tinaona, yooneka bwino kuposa zonse inagwera pomwepa, ndipo mwini wake anavomera kuti ifulidwe.

Zotsalazo zinapita msanga. Anaiyendetsa kuti aone ngati miyendo ndi yowongoka ndi msana wosapindika. Anayang'ana makutu, chifukwa ya makutu aafupi kwambiri amaikana, chimodzimodzi ya zala zowonjezera kuphazi. Anazunguliza tepi pachifuwa kuti ayerekeze kulemera kwake, poti sikelo si onse ali nayo. Ya ubweya amafuna ikhale ya mtundu umodzi, yopanda mawanga. Amaonanso khalidwe. Yamphongo imene inaleredwa pamanja ndi mkaka wa m'botolo ikakula imatha kumalimbana ndi anthu, ndiye saiika pa zazikazi. Yamphongo iliyonse ikafika zaka ziwiri kapena zitatu imamera mano akuthwa omenyera nkhondo, amene imalumira nawo zinzake mpaka kumachende, choncho amawadula.

Kukweretsa nakonso n'kosiyana ndi kwathu. Llama yaikazi siitentha pa nthawi yoikika. Dzira limatuluka ikakweredwa, ndiye yamphongo yaulesi ndi chaka chotayika. Amakweretsa nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kuti ana adzabadwe msipu ulipo. Yamphongo ikakhalitsa pakati pa zazikazi zomwezo chilakolako chimatsika, motero ena amazisinthanitsa, zina zikugwira ntchito zina zikupuma. Pakapita milungu iwiri amabweretsanso yamphongo. Yaikazi ikakhala pansi, ndiye kuti sinatenge. Ikathawa n'kuilavulira, amayembekezera kuti bere lilipo. Amayesetsanso kuzipatula ndi alpaca, chiweto chofanana ndi llama koma chocheperapo, chowetedwa makamaka chifukwa cha ubweya, poti ziwirizi zimaberekana, ndipo mwana wake samufuna kwenikweni pa ubweya ngakhale pa nyama.

Panabuka mtsutso umene ndinaukonda. Alangizi ankalimbikira za kulemba: nambala kukhutu, kulemera pobadwa, kulemera pa chaka chimodzi. Alimi ankati iwo amadziwa mayi wa chiweto chilichonse, ngati ali ndi mkaka, ngati amabereka chaka ndi chaka, ngati ana ake amapulumuka chisanu. Ine ndinaona kuti alimiwo akunena zoona, ndipo mlangizi amene safunsa za mayi wa chiweto akusiya theka la nkhani. Koma zimene zili m'mutu wa munthu mmodzi sizithandiza gulu likafuna kuyerekeza chiweto cha khola ili ndi cha khola lija. Pamenepo kope ndi lofunika.

Tsopano chimene chinandikhudza mtima. Alimi angapo ananena poyera kuti vuto lawo lalikulu si kusadziwa kusankha. Ndalama ikafunika, wogula amaloza yamphongo yaikulu, ndipo imeneyo ndiyo imapita. M'khola mumatsala yaing'ono, imene imakwera azilongo ake ndi ana ake omwe. Amayi ndi abambo, ifenso timatero. Fizi ikavuta, feteleza akafunika, tonde wonenepa ndiye amakwera njinga kupita kumsika, kotsalako n'kumene timati katisungire mtundu. Kenako timadabwa kuti mbuzi zikucheperachepera. Magulu ena kumeneko amasankhira limodzi zamphongo zikadali zazing'ono, zosankhidwazo amaziweta padera ngati za gulu, ndipo amasinthana ndi midzi ina kuti magazi asabwererane. Zokanidwa amazifula msanga, n'kuzinenepetsa kuti ndizo zigulitsidwe.

Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tikambe izi. Atonde onse aang'ono a mamembala tiwasonkhanitse tsiku limodzi, tiitane alangizi a ziweto, ndipo aliyense timuone kukamwa, kumachende ndi kumiyendo, timupime ndi tepi, mwini wake atiuze za mayi wake. Osankhidwa asagulitsidwe kunja. Mwini akapanikizika, gulu limugule pa mtengo wa kumsika ndi ndalama za m'thumba lathu, apo ayi tikhala tikupempha munthu wosauka kuti asenze yekha phindu la tonse. Msungichuma abwere ndi kope kuti tione ngati thumba lingakwanitse, ndipo a komiti alankhule ndi gulu la mudzi woyandikana nafo za kusinthana atonde mwana wa tonde asanafike msinkhu wokweredwa ndi bambo wake.

Ndine nthumwi yanu.